Foni Inatsekedwa Mwana Wanga Ali M'kati

Linali Lachitatu, tsiku la msika, m'sabata yachiwiri ya Okutobala, nthawi ili 10:20 m'mawa. Nthawiyo ndikuikumbukira chifukwa manambala amenewo ndi amene ndinawaona komaliza foni ija isanade. Ndinali nditaimirira pa okala ya bambo wina wokonza mafoni, khanda langa la miyezi iwiri lili kumbuyo, nandolo nditagulitsa kale. Ndinapita kumeneko kukatsukitsa chithunzi cha mwana wanga woyamba, wamkazi, amene anamwalira mu Juni chaka chomwecho ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Zithunzi zake zonse zinali m'foni imeneyo. Kwina kulikonse kunalibe.

Foniyo sindinachite kugula. Inachokera ku bungwe lina limene linabwera kwathu ku Kaduya kudzaona za kakulidwe ka ana. Anasankha amayi khumi m'midzi yathu kuti tiziyenda m'makomo, kuyeza ana pamkono ndi kalamba, n'kulemba m'foni ngati kalambako kaonetsa zobiriwira, zachikasu kapena zofiira. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma manambala ndimawadziwa, ndipo nyumba yathu ili pakati pa mudzi. Ndikuganiza kuti anandisankhira zimenezo.

Mafoniwo tinakalandirira kusukulu ya pulayimale. Anabweretsa ndi alangizi a bungwelo, mayi wa ku boma, wansangala, wokonda kuseka. Foni iliyonse inabwera ndi pepala la masamba atatu, lonse m'Chingerezi.

"Alangizi, muli kwaya umu?" anafunsa mayi wina wachikulire.

"Mulibe kwaya, amayi. Muli ntchito."

"Nanga amuna athu akafuna kubwereka?"

"Muwauze kuti iyi ikamva fungo la kachasu imazima yokha."

Tonse tinaseka. Kenako alangizi anati, "Mafoniwa ndi anu, muwasamale," ndipo anatiitana mmodzimmodzi kuti tisaine. Ndinafuna kufunsa kuti pepalalo likuti chiyani, koma anthu anali ambiri ndipo palibe wina anafunsa. Dzina langa ndimatha kulemba. Koma tsikulo ndinangodinda ndi chala.

Kwathu netiweki yoimbira imagwira ukakwera pachulu. Ya intaneti sifika n'komwe, imagwira kumsika kokha. Ndiye kamodzi pamwezi tinkapita kumsika, alangizi n'kuyatsa intaneti m'mafoni athu kuti zimene tinalemba zipite ku likulu. Masiku ena onse foni inkakhala ndi ine. Munali malo olembamo ana, malo oimbira alangizi okha, ndi kamera yojambulira makadi a sikelo. Zina munalibe.

Kamerayo ndiye ndinayamba kujambulira mwana wanga. Sindinkaona ngati ndikulakwa. Ndinamujambula atakhala m'beseni, ndinamujambula atavala duku la agogo ake, ndinamujambula akugona pamphasa kukamwa kuli yasa. Munalinso kanema mmodzi wamfupi. M'kanemayo wasenza kachitini kamadzi pamutu, akutsanzira amayi ochokera kumjigo, dzanja lina lili m'chiuno. Wayenda mapazi anayi, wagwa chokhala, madzi amuthira kumaso, ndipo m'malo molira waseka. Inenso ndikumveka ndikuseka kuseri kwa foni.

Anadwala malungo m'nyengo yozizira. Tinapita naye kuchipatala pa kabaza usiku umodzi utadutsa kale, ndipo tsiku lachiwiri anatisiya. Bambo ake anali kunyanja ya Chilwa, kuzimbowera, timisasa toyandama tija timene asodzi amakhalamo miyezi osaponda mtunda. Uthenga unawapeza mochedwa. Anafika manda atakwirira kale. Anakhala masabata awiri osalankhula zambiri, n'kubwerera kumatemba, chifukwa ine ndinali ndi pakati ndipo panyumba panalibe kanthu.

Ntchito yoyeza ana ndinaisiya. Sindikanatha kugwira mkono wa mwana wa mwini. Kumsika kotumiza malipoti sindinapitenso, ndipo palibe anabwera kudzandifunsa. Ndinangomva kuti alangizi nawonso asiya kubwera pafupipafupi. Foni ndinkaitchaja pa sola ya aneba, ndipo masana anthu akapita kumadimba ndinkalowa m'nyumba n'kuonera kanema uja. Tsiku lina kawiri, tsiku lina kosawerengeka.

Amayi anga ankandiona. Iwo akafuna kunena zolemera amanena m'Chilomwe, ndipo tsiku lina anandiuza kuti chithunzi cha pagalasi si chithunzi, galasi limasweka, ndikachiike papepala. Sindinawamvere msanga. Amene anandidzutsa ndi bambo a mwana. Khanda litabadwa anaimba pafoni ya aneba, ndipo titatha kukamba za khandalo ananena kuti, "Nkhope ya uja ikunditayika. Ndikati ndimuganize ndikungoona diresi." Ndinawalonjeza kuti nandolo akauma ndikatsukitsa zithunzi ziwiri, china chawo choti akapachike kunyanjako.

Ndi mmene ndinapezekera pa okala ija Lachitatu limenelo.

Wokonza mafoniyo anali bambo wa imvi zapatalipatali, magalasi ake omanga ndi kawaya. Patebulo pake panali mulu wa mafoni akufa ndi kamakina kotsukira zithunzi. Pakhonde lomwelo pankakhala telala wina wolongolola, amene ankalowerera nkhani iliyonse.

"Tikuthandizeni, achemwali?"

Ndinawapatsa foni, chithunzi cha duku chili pagalasi. "Ichi. Ziwiri."

"Eee, dona wake! Ali kuti mwini duku?"

Ndinatembenuzira nkhope kumsewu. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana khanda kumbuyo kwanga, ndipo sanafunsenso.

Analumikiza foni ku kompyuta yawo ndi chingwe. Anadikira. Anasintha chingwe, n'kudikiranso.

"Yakana," anatero. "Foni iyi mwaitenga kuti?"

"Ku bungwe."

"Ndaona. Amenewa amakhoma makomo onse." Anaitembenuza, n'kutsegula kumbali ndi kasingano. "Malo a memori kadi alipo, koma anawapha. Njira yotumizira foni ndi foni anachotsamo. Chingwe chikungolowetsa moto basi."

"Yakukanika imeneyo, injiniya," anatero telala, makina ake akulira. "Ingovomera."

"Soka zigamba zako iwe." Kenako anatembenukira kwa ine. "Njira yatsala imodzi. Mugule kabandulo kakang'ono, tiyatse intaneti, tione ngati ingalole kutumiza chithunzichi kwa ine."

Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinagula mayunitsi pa okala yoyandikana nayo, iwo n'kulowetsa. Ndinaona chala chawo chikudina. Foni inanjenjemera m'manja mwawo kangapo motsatizana, ngati nkhuku imene yadulidwa kumene. Pamwamba pagalasi panali 10:20. Kenako chithunzi cha mwana wanga chinachoka, panabwera kagudumu kozungulira, galasi n'kuda.

Itayakanso, inali yoyera mbee. Pakati panali chithunzi cha loko, pansi pake mizere iwiri ya Chingerezi.

Bambo aja anadina apa, anadina apo. Anaizimitsa n'kuiyatsanso. Loko yemweyo. Anavula magalasi.

"Ikuti chiyani?" ndinafunsa.

"Ikuti foni ino yatsekedwa ndi eni ake. Ibwezedwe kwa eni ake."

"Eni ake ndine."

Ndinanena motsitsa kwambiri moti sindikudziwa ngati anamva. Makina a telala anali atasiya kulira.

"Achemwali, intaneti munayatsa liti komaliza?"

"Mu Meyi."

Anagwira pamphumi. "Ndiye kuti lamulo lotseka analitumiza kalekale. Linkangoyendayenda kufunafuna foni yanuyi, osaipeza, chifukwa kwanuko intaneti kulibe. Ikanakhala kumudzi bwenzi ikugwirabe ntchito mpaka lero. Taitsegulira khomo ndife." Anaika foni patebulo. "Ndine ndakuuzani zogula bandulo."

Telala anadzuka pampando wake n'kubwera kudzasuzumira. "Koma iwe," anatero, mawu ake atatsika, "bwanji sunangochijambula ndi foni yako chili pagalasi pompaja?"

Bambo aja anatsegula pakamwa, n'kunena kuti chikanatuluka chosaoneka bwino, koma sanamalize mawuwo. Inenso nzeru imeneyo sinandibwerere miyezi inayi yonse. Aneba athu ali ndi foni ya kamera. Ndinkapita kwawo kukatchaja tsiku ndi tsiku.

Khanda linayamba kulira. Ndinakhala pabenchi n'kuliyamwitsa, maso ali patebulo.

"Zithunzizo zafufutika?" ndinafunsa.

"Sindinganame, sindikudziwa. Mwina zilimo. Zili ngati katundu m'nyumba imene mwini wakhoma n'kupita ndi kiyi."

"Simungathyole chitseko?"

"Ndingathyole. Timati kufulasha. Ndimachotsa pulogalamu yawoyi n'kuikamo ina. Alipo mapulogalamu ena amene anawapanga kuti akhale a aliyense, osakhoma, oti munthu ngati ine ndingatsegule n'kuona m'kati mmene wokonza njinga amatsegulira habu. Ndikaika imeneyo foni ikhala yanu zenizeni, palibe wa kutali angaigwirenso. Koma nyumba imeneyi anaimanga mwakuti ukathyola chitseko, zonse za m'kati zimapsa. Muchoka pano ndi foni yabwino, yopanda kanthu."

"Ayi," ndinatero.

"Ndinadziwa kuti mutero."

Anaipukuta ndi malaya awo n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati ndipite kwa eni pulogalamuyo, chifukwa kiyi ali ndi iwowo, ndipo ndisalole wina aliyense pamsikapo kuigwira, ngakhale alonjeze zotani. Telala ndiye anandiuza kuti waona galimoto ya bungwe itaima pachipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika.

Ndinawapeza alangizi m'kachipinda ka kumapeto, akulongedza mabuku m'makatoni. Anali ataonda, ndipo sanaseke monga kale. Ndinagwada pakhomo.

"Lowani, amayi, musagwade. Ndinamva za mwana. Pepani kwambiri. Ndinkati ndibwera, koma zinthu kuno zinasokonekera."

Ndinawaonetsa foni. Anangoyang'ana kamodzi.

"Yanunso yatsekeka. Ntchito ija inatha mu Ogasiti. Uthenga sunakupezeni? Mawa tikutolera mafoni onse kusukulu kuja."

"M'foni muno muli mwana wanga."

Sanamve msanga, ndiye ndinafotokoza. Ndinanena za beseni, za duku, za kachitini. Ndinali ndisanalankhulepo mawu ambiri chotero kwa munthu wa ku boma. Iwo anakhala pakatoni n'kumvetsera mpaka ndinamaliza.

"Munditsegulire pang'ono pokha," ndinatero. "Tijambule ndi foni ina, mutsekenso."

"Amayi, ine kiyi ndilibe."

"Ali ndi ndani?"

"Ngakhale a ku likulu alibe. Pulogalamu ili m'mafoniwa si ya bungwe lathu. Tinkachita kubwereka ku kampani ina ya kunja, chaka ndi chaka. Chilolezo chitatha, anatseka." Anatulutsa foni yaikulu m'chikwama chawo n'kuiyatsa. Loko yemweyo, mizere iwiri yomweyo. "Yangayi muli ana onse amene munayeza, midzi yonse. Adokotala apa anandipempha maina a ana ofiira aja kuti awatsatire. Ndinalephera kuwapatsa."

"Munati mafoniwa ndi athu."

"Ndinatero." Anayang'ana pansi. "Inenso ndinkaona ngati zili choncho. Pepala lija limati foni ndi ya bungwe, pulogalamu ndi ya kampani, ndipo simuyenera kusungamo zinthu zanu. Munadinda."

"Simunatiwerengere."

Mawuwo anangotuluka okha, ndipo ndinachita mantha nditawamva. Koma alangizi sanakwiye.

"Sindinakuwerengereni," anatero. "Inenso ndinaliwerenga lonse mafoni atayamba kale kutsekeka."

Ndinafunsa kuti mafoniwo akatoleredwa apita kuti. Anati apita ku Lilongwe, kumeneko akawafufuta onse kuti akagwire ntchito kwina. Ndinafunsa ngati sangalembe kalata kuti yanga asaifufute asanachotsemo zithunzi. Anati alemba, n'kutenga cholembera, koma anachigwira m'manja osalemba.

"Ndikuuzeni zoona, amayi. Amene ndinkawalembera makalata anachoka kale ntchito. Inenso mwezi uno ndi womaliza. Katoni ikafika kumeneko, amene akaitsegule sakudziwani inu, sakundidziwa ine."

"Nanga ndikapanda kubweza?"

"Ndilemba kuti sinabwere. Dzina lanu likhala pamndandanda. Zotsatira zake sindikuzidziwa. Mwina adzakutsatani, mwina ayi. Mwina bungwe lina likadzabwera adzakudumphani." Anandiyang'ana. "Ndipo mukaisunga, musaganize kuti idzatseguka yokha. Sindikufuna kukunamizani kachiwiri."

Ndinabwerera wapansi, dzuwa lili paliwombo. Ndalama ya kabaza ndinali nayo, koma sindinafune kukhala kumbuyo kwa munthu woti azindifunsa nkhani. Msewu unali fumbi lokhalokha, phiri la Michesi likuoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa moto wa m'minda. Panjira ndinaima kawiri pansi pa mitengo ya mango n'kuyatsa foni. Ndinkaganiza kuti mwina ndikatalikira msika, intaneti ikatha, loko uja achoka. Sanachoke.

Kunyumba ndinapeza amayi akusankha kalongonda pakhonde. Anaona manja anga opanda envulopu, n'kuika lichero pansi. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera, kenako analankhula m'Chilomwe, pang'onopang'ono. Anati mwana sali m'galasimo, ali kumanda, ndipo tonse tikudziwa pamene wagona. Anati chinthu cha eni chikafuna kubwerera kwawo umachilola, chifukwa ife milandu ndi anthu a magalimoto sitingaithe. Anati ndili ndi khanda loti ndiliganizire. Sananene mokalipa. Atamaliza anatenganso lichero, koma ndinaona kuti sakusankha, akungotembenuza nyembazo ndi chala.

"Ndine ndinakutuma," anatero m'Chichewa.

"Simunalakwe, amayi."

Dzuwa litapendeka aneba anandiitana kuti bambo a mwana aimba. Ndinakwera pachulu ndi foni yawo. Kumbali kwawoko kunkamveka mphepo ndi anthu akukangana za ukonde.

"Watsukitsa?"

Ndinaganiza zonama kuti makina anawonongeka. Koma akanadikira, n'kudzafunsanso sabata yamawa. Ndinawauza zoona, mwachidule, monga ndikanathera.

Ndinkangomva madzi akumenya bwato.

"Ndiye kuti palibe?" anatero.

"Mwina zilimo. Koma sizikutseguka."

"Diresi lija linali la maluwa ofiira, eti?"

"Achikasu."

"Achikasu," anabwereza. Anayamba kunena china, koma foni inaduka. Ndinadikira pachulupo kufikira udzudzu utayamba kuluma. Sanaimbenso.

Madzulo amenewo, ndikusambitsa khanda, ndinayesa kuona kanema uja m'mutu mwanga kuyambira poyamba. Kachitini ndinakaona, dzanja m'chiuno ndinaliona, kugwa ndinakuona. Koma nditafika pa kuseka, sindinathe kudziwa ngati mano ake akutsogolo anali ndi mpata kapena ayi. Ndinaonera kanemayo miyezi inayi, ndipo tsiku limodzi lokha linali lisanathe chitsekedwereni foniyo.

M'mawa mwake amayi anandidzutsa kuti ndisachedwe. Ndinamanga foni pamfundo ya chitenje cham'kati, ndinabereka khanda pamwamba pake, n'kupita kusukulu kuja. Amayi anzanga anali atafika kale, atakhala pansi pa mtengo wa kesha. Alangizi anaika tebulo ndi katoni, n'kuyamba kuitana maina. Aliyense ankadzuka, n'kuika foni m'katoni, n'kusaina. Mayi wachikulire uja poika yake anati, "Pita bwino, mlendo, unadya moto wanga wokwanira," ndipo ena anaseka.

Dzina langa linali lachisanu ndi chiwiri. Alangizi analiitana. Ndinayang'ana pansi. Analiitananso, ndipo mayi amene anakhala pafupi nane anandigunyuza ndi chigongono.

"Akuitana iwe."

Kachitatu alangizi sanayang'ane pepala, anayang'ana ine. Ndinadzuka, ndinakonza khanda kumsana, foni ikundikanikiza m'chiuno. Tebulo linali kutsogolo kwanga, mapazi ochepa chabe. Ndinatembenuka n'kudutsa kuseri kwa makalasi, ana a sukulu akundiyang'ana pamawindo, ndipo ndinalowa kanjira ka kumadimba kopita kwathu. Kumbuyo ndinamva alangizi akuitana dzina lachisanu ndi chitatu.